Digiri ya PhD ndi thumba la mtedza la ku Nsaru

Mlimi wa ku Nsaru kapena Kabudula akamawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe asanasende, sadziwa kuti akuitana chuku. Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imakonda chinyezi chotero, ndipo imatulutsa poizoni wa aflatoxin amene sapsa pamoto, kotero amafika ndithu mu nsinjiro ndi m'phala la mwana. Dziko linamudziwa poizoniyu mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya chimanga cha chuku. Amene anafotokoza zomwe zimachitika m'thupi ndi akatswiri a molecular biochemistry, sayansi yofufuza tinthu tating'onoting'ono topanga zamoyo: chiwindi chikamayesa kumuphwanya poizoniyu chimamusandutsa chinthu chomata pa DNA, chimene chimaononga jini ya p53 yoteteza ku khansa, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B. N'chifukwa chake ndikunena kuti digiri ya PhD m'gawoli ndi nkhani ya m'mudzi, ndipo nzika iyenera kudziwa m'mene imapezekera.

Njira yake ndi yaitali. Mwana akakhoza MSCE, makamaka Biology, Chemistry ndi masamu, amafunsira malo ku yunivesite za boma kudzera ku bungwe la NCHE. Digiri yoyamba kawirikawiri imatenga zaka 4, kaya ku LUANAR ku Bunda, ku UNIMA ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku KUHeS. Kenako pamabwera ya masters, kawirikawiri zaka 2. Mpaka apa munthu amaphunzira zimene ena anapeza kale. PhD imasiyana nazo kotheratu, ndipo apa ndi pomwe abale ambiri amasokonezeka nkumafunsa kuti mwana wathuyu mayeso alemba liti. Palibe mayeso a chaka ndi chaka. Wophunzira amalemba funso limene palibe analiyankhapo, nkupeza mphunzitsi womuyang'anira, ngati namkungwi wake, ndipo komiti ya yunivesite imavomereza kapena kubweza ndondomekoyo. Ngati kafukufukuyo akufuna magazi a anthu, ayenera chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo munthu wa ku Nambuma ali ndi ufulu wokana kupereka magazi ake popanda kutaya chithandizo cha kuchipatala. Ngati akukhudza mbewu zosinthidwa majini, lamulo la Biosafety la 2002 ndilo limalamulira. Zikatero ndi zaka 3 kapena 4 za mu labotale, nthawi zambiri kupitirira, zoyesa zolephereka zikuchuluka kuposa zotheka. Pamapeto amalemba buku la zimene wapeza, akatswiri a kunja kwa yunivesite yake amaliwerenga, ndipo m'mayunivesite ambiri amamukhazika pansi nkumupanikiza ndi mafunso. Akhoza kumupatsa digiriyo, kumuuza akakonze, kapena kumukaniza. Udokotala umenewu si wobaya jakisoni, ngakhale kumudzi azimupempha kuti aone mwana wodwala.

Ndalama zake palibe banja la mlimi lingazikwanitse, ndipo ambiri salipira okha. Pali thandizo la Commonwealth, la DAAD la ku Germany, ndi la RUFORUM lolumikiza mayunivesite a mu Africa. Ena amaphunzirira mkati mwa ntchito ya kafukufuku, monga ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Ntchito zake nazo zilipo: kuphunzitsa pa yunivesite, kuyeza chakudya ku Malawi Bureau of Standards, kufufuza tizirombo tosamva mankhwala, kapena kupanga mbewu pa Chitedze, siteshoni ya kafukufuku wa ulimi ya pamsewu wa Mchinji, pomwe boma limagwira ntchito limodzi ndi bungwe la ICRISAT. Mtedza wa CG7, umene unatulutsidwa mu 1990, unachokera m'mgwirizano umenewu.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri, ndipo yoyamba ndi yolemera. Amati ndalama zophunzitsira munthu mmodzi zikanalemba alangizi ambiri, pakuti chuku chimapewedwa ndi zinthu zapafupi: kukumba mtedza pa nthawi yake, kuumitsa bwino, kusankha woola, kusawaza madzi. Zoona. Koma uphungu umene mlangizi amanyamula pa njinga yake unayesedwa kaye ndi wina mu labotale, ndipo mtedza wooneka bwino ukhoza kukhala ndi poizoni wosaoneka ndi maso. Msika wa European Union sulola mtedza wodyedwa ndi anthu kukhala ndi aflatoxin wopitirira magawo 4 pa biliyoni. Dziko lopanda anthu ake odziwa kuyeza mlingo wotere limangomva kwa ogula kuti katundu wakanidwa, popanda poyankhira.

Yachiwiri ndi yoti ophunzirawa sabwerako. Ena sabweradi, koma tisathamangire kuwatcha osakonda dziko. Wobwerera amafuna makina a PCR, mankhwala oyezera ogulidwa kunja ndi madola amene banki ilibe, ndi firiji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro. Magetsi akazima nthawi yaitali, zimene anatolera chaka chonse zimaonongeka. Ndalama zokonzera zimenezi zimadutsa mu bajeti imene Nyumba ya Malamulo imakambirana chaka ndi chaka, ya Unduna wa Zaulimi, ya mayunivesite ndi ya National Commission for Science and Technology. Phungu amene amabwera ku Mpingu kudzakamba za feteleza yekha amavoteranso ndalama za Chitedze, ndipo pa msonkhano womwewo akhoza kufunsidwa kuti anavotera zingati.