Chijapani chafika kale ku Mchinji, nanga akuchimva ndani?

Mukakwera takisi ya Sienta pa Mchinji boma kulowera kumalire a Mwami, dalaivala akangoliza injini mumamva mawu a mayi akulankhula chinenero chachilendo. Ena amati akupereka moni, ena amaseka kuti akudandaula za matumba a mtedza amene alongedwa kumbuyo. Komatu nthawi zambiri mayiyu amakhala akukumbutsa dalaivala kuti kadi yolipirira misewu ya ku Japan, yotchedwa ETC, sinalowetsedwe.

Chijapani chili paliponse m'magalimoto amenewa: pa wailesi, pa mabatani ndi m'kabuku ka malangizo kamene makaniko amangokaponya pambali. Ubale wathu ndi Japan sunayambe dzulo. Anyamata ndi atsikana odzipereka a ku Japan adayamba kubwera m'dziko muno mu 1971, ndipo ambiri amabwerera kwawo akulankhula Chichewa. Ife takhala tikungowayang'ana.

Masiku ano pali njira yophunzirira chinenerochi popanda kukwera ndege. Pa intaneti pali maiko ongopeka, monga Second Life yomwe idayamba mu 2003 ndi VRChat yomwe idatchuka chakumayambiriro kwa 2018. Munthu amasankha kachidole komuimira, n'kumayenda m'misewu ndi m'zipinda zojambulidwa, akulankhula ndi anthu enieni ndi mawu ake. Ku VRChat kuli Ajapani ambiri, ndipo kuli zipinda zimene ophunzira zinenero amakumanamo. Ubwino wake ndi woti manyazi amachepa. Ukalakwitsa, nkhope imene anthu akuiona ndi ya chidole.

Apatu wolankhula Chichewa ali ndi mwayi kuposa Mngelezi. Chijapani chili ndi mavawelo asanu ngati athu omwewa, a, i, u, e, o, ndipo mawu ake amatha ndi vawelo kapena n. Mawu ngati sakana (nsomba), yama (phiri) ndi mizu (madzi) mwana wa ku Kamwendo angawatchule tsiku loyamba lomwe. Ngakhale vuto lathu losakaniza l ndi r kumeneko si vuto, chifukwa nawonso sasiyanitsa.

Pamene pagona ntchito ndi polemba. Pali zilembo 46 za hiragana, zina 46 za katakana, kuwonjezera apo zilembo 2,136 za kanji zimene boma lawo lidaika mu 2010 kuti ndi zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Izi kucheza kokha sikungakuphunzitseni, zimafuna kope ndi pensulo.

Makolo adziwenso kuti maiko amenewa amadya bandulo kwambiri, ndipo amafuna kompyuta kapena foni yamphamvu komanso magetsi odalirika. Mulinso anthu amtundu uliwonse, ena olaula, ena ofuna kunamiza ana. VRChat salola ana osakwana zaka 13, koma nkhani yoyang'anira mwana isasiyidwe m'manja mwa kampani ya ku America. Mwayi wake, Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7. Ikamakwana 9 koloko usiku ku Tokyo, pamene ambiri amalowa kukacheza, ku Mchinji imakhala 2 koloko masana, choncho mwana alibe chifukwa chodzitsekera m'chipinda pakati pa usiku.

Amene walimbikira akhoza kuyesa mayeso a JLPT, amene amayambira gawo la N5 mpaka N1. Ofuna maphunziro olipiridwa ndi boma la Japan, otchedwa MEXT, amafunsira kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe, yomwe idatsegulidwa mu 2008.