KODI NG'OMBE YAUKALI NDIYO YODZIWA KULERA?

Alimi ambiri a ng'ombe kwa Nankumba, kwa Chimwala ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe amakhulupirira kuti ng'ombe yaikazi ikakhala yaukali ndiye kuti idzalera bwino mwana wake. Amati fisi sangayandikire khola la ng'ombe yotere. Mawuwa ali ndi choona pang'ono, koma asokeretsa alimi ambiri pogula nkhunzi.

Nkhunzi imodzi ndi theka la khola. Mwana aliyense wobadwa amatenga theka la chibadwa chake kwa bambo ndipo theka lina kwa mayi. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo msoti wa mtundu wathu wa Malawi Zebu umabereka koyamba uli ndi zaka 3 kapena 4. Choncho mukagula nkhunzi chaka chino, mudzadziwa kalere ka ana ake aakazi patapita zaka 4 kapena 5. Panthawiyo khola lonse likhala litadzaza magazi ake.

UKALI ULIPO WA MITUNDU IWIRI

Mtundu woyamba ndi wa ng'ombe yomwe yangobereka kumene. Imaima pakati pa mwana wake ndi galu, kupalasa pansi ndi kuweramitsa nyanga. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu mtima wake umakhala pansi. Ukali uwu ndi wabwino, makamaka kuno komwe afisi amazungulira makola usiku.

Mtundu wachiwiri ndi wa ng'ombe yamantha ndi yolusa chaka chonse, kaya ili ndi mwana kaya ilibe. Imathyola khola, imakana kulowa m'mpanda wa katemera ndipo imathawa popopera mankhwala a nkhupakupa. Ng'ombe yotere ikadzidzimuka imathamanga osayang'ana m'mbuyo, mwina kusiya mwana patchire kapena kumuponda m'khola. Tisaiwale kuti oweta ng'ombe m'midzi mwathu muno nthawi zambiri ndi anyamata aang'ono. Nyanga imodzi ikhoza kubweretsa maliro pamudzi.

Akatswiri a ziweto adapeza kuti makhalidwe awiriwa sayendera limodzi nthawi zonse. Ku Australia, m'chaka cha 1988, adayamba kuyesa liwiro lomwe ng'ombe imatulukira pa sikelo. Adaona kuti zotuluka chothawa zimachedwa kunenepa, ndipo khalidweli ana amatengera kwa makolo. Kuonjezera apo, mwana woyenda ndi mayi wamantha amaphunziranso mantha omwewo.

KULERA KWENIKWENI N'KUTI?

Ng'ombe yodziwa kulera imabereka yokha popanda kukokedwa. Imanyambita mwana mpaka aume, n'kumulola kuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja m'maola 6 oyambirira, pakuti ndiwo umamuteteza ku matenda. Mawere ake sakhala aakulu moti mwana n'kulephera kugwira. Mkaka umakwanira mpaka mwana afike miyezi 6 kapena 8, ndipo imatenganso bere mosachedwa ngakhale msipu utavuta m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Komanso kufatsa pakokha si umboni wa kulera. Zilipo ng'ombe zofatsa zomwe zimapita kukamwa madzi kumtsinje wa Shire osacheukira mwana wolira m'mbuyo. Imeneyonso si yosunga.

NANGA BRAHMAN?

Alimi ena amakatenga nkhunzi za magazi a Brahman ku Chikwawa ndi ku Nsanje chifukwa cha msinkhu. Mtunduwu udapangidwa ku America kuchokera ku ng'ombe za ku India. Umapirira kutentha ndi nkhupakupa, ndipo zazikazi zake zimatchuka poteteza ana. Koma Brahman yomwe sidazolowere anthu ili yaing'ono imavuta kugwira. Ngati khola lanu ndi la mitengo yofooka, ganizirani kawiri.

POGULA NKHUNZI CHITANI IZI

Musagule chifukwa cha linunda ndi khosi lokha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pitani kukhola komwe nkhunziyo idabadwira, osati pamsika pokha.

1. Pemphani kuona make wa nkhunziyo. Funsani kuti wabereka kangati ndipo ana angati adakula.

2. Ngati nkhunziyo ili ndi ana aakazi obereka kale, aoneni ali ndi ana awo. Amenewo ndiwo mboni zenizeni.

3. Imani chapafupi mwiniwake akuitulutsa m'khola. Yoimika mutu, yopumira m'mwamba ndi yothawira kungodya isiyeni.

4. Cheza ndi mnyamata woweta. Iye ndiye amadziwa yomwe imagunda.

M'khola mwanu lembani m'kope tsiku lomwe ng'ombe iliyonse yabereka ndi momwe yachitira. Msoti wobereka koyamba ukakana mwana, upatseni mwayi wina. Ukabwereza, gulitsani. Yolusa chaka chonse igulitseni kwa ophera nyama, ndipo musasunge mwana wake wamwamuna kuti adzakhale nkhunzi. Mukamakayika, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu ndalama zisanachoke m'thumba.