Digiri ya masitazi pa sayansi ya zilankhulo: zimene wophunzira wa ku Lago ayenera kukwaniritsa

Mphunzitsi wa ku Metangula kapena ku Cóbuè m'boma la Lago amene akufuna digiri yachiwiri pa sayansi ya zilankhulo, imene ku Mozambique imatchedwa mestrado pamene ku Malawi amati masitazi, amayenera kukhala kale ndi digiri yoyamba yotchedwa licenciatura, imene kawirikawiri imatenga zaka zinayi ndipo ena amaipezera ku Lichinga pa nthambi ya Universidade Rovuma. Kuchokera pamenepo ambiri amalowera ku Maputo, ku Universidade Eduardo Mondlane, kumene kafukufuku wa zilankhulo za dzikolo anazika mizu kalekale. M'masukulu a ku Mozambique malikisi amafika pa 20 ndipo munthu amakhoza ndi 10, koma osankha ophunzira a digiri yachiwiri nthawi zambiri amafuna 14 kapena kuposerapo, komanso amawerenga mbiri ya ntchito ya wofunsirayo ndi zimene walemba zokhudza mutu umene akufuna kudzafufuza.

Maphunzirowa amatenga pafupifupi zaka ziwiri ndipo amayezedwa ndi makirediti, amene amawerengera maola onse amene wophunzira wathera m'kalasi, mu laibulale ndi pa kafukufuku. Chaka choyamba ndi cha m'kalasi. Fonoloje imafotokoza mmene maliwu amagwirira ntchito m'chilankhulo, ndipo kwa wolankhula Chinyanja imamutsegula maso pa zimene khutu lake linkadziwa kale, monga kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa usipa pa msika ngakhale kuti zilembo zake n'zofanana. Mofoloje imaphwanya mawu kuti zidutswa zake zioneke, kotero kuti gwira, gwirana, gwiridwa ndi gwiritsa zimadziwika kuti ndi tsinde limodzi lolandira timphatikira tosiyana, pamene sintakisi imayang'ana kasanjidwe ka chiganizo ndi mgwirizano wa dzina ndi mneni. Palinso phunziro la matanthauzo, la chilankhulo pakati pa anthu, ndi la njira zochitira kafukufuku, limene ophunzira ena amalipeputsa koma ndilo limene limawanyamula m'chaka chachiwiri.

Chaka chachiwiri chimayamba ndi chikalata cholongosola kafukufuku, chimene chimatchula funso, mabuku amene analembedwa kale pa nkhaniyo, anthu amene adzafunsidwe ndi njira yosanthulira zopezekazo, ndipo wophunzira sapita kumudzi mpaka mphunzitsi womuyang'anira atachivomereza. Apa ndi pamene munthu wa ku Lago ali ndi mwayi umene anzake a mumzinda alibe. Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja ku Lago chinalembedwa msanga ndi amishoni a Chiangilikani a ku Likoma ndi Messumba, monga William Percival Johnson ndi Herbert Barnes, ndipo Barnes anatulutsa buku la mawu mu 1902, koma mabuku akuluakulu a masiku ano, monga la Sam Mchombo la mu 2004, anakhazikika pa Chichewa cha ku Malawi. Choncho mafunso ambiri akudikirabe wowayankha: kusiyana kwa kalankhulidwe ka ku Cóbuè ndi ka ku Nkhotakota, mmene Chiyao ndi Chipwitikizi zalowerera m'zokamba za pa doko la Metangula, kapena mawu a asodzi okhudza chilimira, utaka, mwera ndi mpoto, amene mwana wa pagombe amawadziwa asanaphunzire kuwerenga.

Kusonkhanitsa umboni kuli ndi malamulo ake. Wofufuza amatenga kalata ya ku yunivesite n'kukaionetsa kwa akuluakulu a boma ndi kwa mfumu, amafotokozera aliyense wojambulidwa mawu cholinga cha ntchitoyo ndi ufulu wake wokana, ndipo amabisa mayina a anthuwo polemba. Kenako amakhala pansi ndi makina ojambulira n'kulemba liwu ndi liwu zimene nkhalamba inanena ikusoka ukonde pamchenga, ntchito yochedwa kwambiri moti kukambirana kwa ola limodzi kumadya masiku. Kulankhula chilankhulo kuyambira ukhanda sikulowa m'malo mwa umboni umenewu, pakuti oyesa amafuna kuona chiganizo chenicheni, amene anachinena ndi malo amene chinanenedwera.

Polemba zitsanzo, wophunzira amatsata kalembedwe kamene kanagwirizanidwa pa misonkhano ya mu 1988, 1999 ndi 2008, ntchito imene inatsogoleredwa ndi akatswiri a gulu la NELIMO la pa Universidade Eduardo Mondlane, kuphatikizapo Bento Sitoe ndi Armindo Ngunga, ndipo n'chifukwa chake ku Mozambique amalemba Cinyanja pamene ku Malawi amalemba Chinyanja. Kalembedweka n'kofunika kupitirira khoma la yunivesite, popeza kuyambira mu 2003 dziko la Mozambique lakhala likuphunzitsa ana ena a pulayimale m'zilankhulo zawo limodzi ndi Chipwitikizi, pambuyo poyeserera njirayi ndi Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997. Ndime 9 ya malamulo aakulu a dzikolo a mu 2004 imalemekeza zilankhulo za makolo, koma mabuku a ana a ku Lago sangalembedwe bwino ngati kalankhulidwe kawo sikanafufuzidwe.

Zotsatira zimalembedwa m'buku lotchedwa dissertação, kawirikawiri m'Chipwitikizi, chimene ndi chinthu chodandaulitsa chifukwa eni ake a mawuwo ambiri sangathe kuliwerenga, ndipo wofufuza wanzeru amabwerera kukawafotokozera pakamwa. Bukulo limatetezedwa poyera pamaso pa gulu la oyesa lotchedwa júri, mmene mumakhala wapampando, mphunzitsi woyang'anira ndi katswiri wina amene ntchito yake ndi kufunsa mafunso ovuta ndi kusonyeza pamene mfundo zafooka. Wophunzira akayankha mokhutiritsa amapatsidwa malikisi, amakonza zimene oyesa atchula, ndipo amapereka buku lomaliza ku yunivesite asanalandire satifiketi yake.