Zisanu chani? Mafunso a galamala omwe amazunguza ophunzira Chijapani ndi Chingerezi

Mphunzitsi aliyense wa fizikisi ali ndi funso lomwe amalikonda akamachonga: "Zisanu chani? Mbuzi?" Mukalemba yankho loti 5 osawonjezera N, m kapena kg, malikisi amapita, ngakhale masamu onse mwawakhoza. Mwina mumaona ngati ndi nkhanza zathu aphunzitsi. Komatu kuli chiyankhulo cha anthu oposa 120 miliyoni chomwe chimatsata lamulo lomweli powerenga zinthu, kuyambira mapensulo mpaka amphaka. Chiyankhulocho ndi Chijapani.

Ine ndimaphunzitsa fizikisi, osati ziyankhulo. Koma mayeso anu a fizikisi mumalemba m'Chingerezi, ndipo satifiketi ya MSCE simuiona ngati Chingerezi mwalephera, choncho galamala ndi nkhani yanganso. Chomwe chinandikoka ndi ichi: mafunso omwe Mjapani amafunsa akamaphunzira Chingerezi ndi omwewo mumafunsa inu, pomwe zomwe zimazunguza Mngerezi akamaphunzira Chijapani, zambiri Mchewa amazichita kale osadziwa. Chiyankhulo chilichonse chili ndi zinthu zomwe chimakukakamiza kuzitchula, ufune usafune. Wophunzira amapunthwa pomwe chiyankhulo chatsopano chikumukakamiza kutchula chinthu chomwe chiyankhulo chake chimangochisiya.

Tiyambe ndi mayuniti aja. M'Chijapani simungangoti "mapensulo atatu". Nambala imayenda ndi kamawu kosonyeza mtundu wa chinthucho. Zinthu zazitali ndi zowonda, monga pensulo, botolo kapena ambulera, zimatenga hon: ippon, nihon, sanbon. Zopyapyala, monga pepala kapena malaya, zimatenga mai. Tinyama ting'onoting'ono timatenga hiki, nyama zikuluzikulu monga ng'ombe zimatenga tō, anthu amatenga nin, ndipo galimoto ndi makina zimatenga dai. Ma Toyota awiri omwe abwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, kwawo anali nidai. Akalulu, mwachikhalidwe, amawerengedwa ndi wa, kamawu kowerengera mbalame. Eya, mbalame.

Mngerezi akaona zimenezi amagwira mutu n'kufunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Koma inu taganizirani: anthu awiri, nkhuku ziwiri, mitengo iwiri, tiana tiwiri. Nafenso sitingatchule "-wiri" tisanadziwe gulu la dzinalo. Kusiyana kwake n'koti Chijapani chimayang'ana kwambiri maonekedwe a chinthu, pomwe ife timatsata magulu a mayina.

Mjapani naye amabweza funso. Kwawo mawu oti neko amatanthauza mphaka komanso amphaka, nkhani yokha ndiyo imakuuza. Ndiye akafika pa Chingerezi amadabwa kuti bwanji cats ndi zololedwa koma equipments, informations ndi advices ayi. Apa nanu mumagwa, paja timaona m'mapepala. Chingerezi chimatenga equipment ndi information ngati madzi kapena mchenga, zinthu zomwe umayeza osati kuwerenga. Ukafuna kuwerenga umabwereka yuniti: two litres of water, three pieces of equipment.

Tsopano funso lalikulu, lomwe mbali zonse ziwiri zimalira nalo. Wophunzira Chingerezi amafunsa kuti a ndi the zimasiyana pati. Wophunzira Chijapani amafunsa kuti wa ndi ga zimasiyana pati. Mbali yaikulu ya mayankho awo ndi imodzi.

Onani chiganizo chomwe mumakumana nacho m'mayeso: A force acts on a trolley. The force is 10 N. Poyamba ndi a force, chifukwa owerenga sanamvepo za mphamvuyo. Kachiwiri ndi the force, chifukwa tsopano tonse tikuidziwa. Chijapani chilibe a kapena the, koma tamverani: Neko ga imasu. Neko wa kuroi desu. Tanthauzo lake n'loti pali mphaka, mphakayo ndi wakuda. Mphaka akamalowa kumene m'nkhani amatenga ga. Akadziwika amatenga wa. Ndipo mwaona zomwe Chichewa chachita m'kumasulira kwangako? "Mphaka" wasanduka "mphakayo". Agogo akamayamba nthano amati panali munthu wina, kenako n'kumati munthuyo. "Wina" akugwira ntchito ya a, ndipo "-yo" akugwira ntchito ya the. Ndiye mukakayika polemba, yesani chiganizocho m'Chichewa chamumtima. Ngati "-yo", "-cho" kapena "uja" akukwanapo bwino, kawirikawiri pakufunika the. Njirayi ili ndi malire. Timati the sun ngakhale tikulitchula koyamba, chifukwa dzuwa lathu ndi limodzi ndipo aliyense akulidziwa, komanso timati energy is conserved popanda a kapena the chifukwa tikunena za mphamvu mwachisawawa.

Wa ali ndi ntchito ina yomwe imasokoneza kwambiri olankhula Chingerezi. Samaloza mwininkhani ayi, amaloza mutu wa nkhani, ngati ukunena kuti "kunena za ichi". Mu 1960 katswiri wa galamala Mikami Akira anatulutsa buku lomwe mutu wake ndi Zō wa hana ga nagai. Zō ndi njovu, hana ndi mphuno kapena chitamba, nagai ndi kutalika. Wozolowera Chingerezi amafunsa kuti mwininkhani ndi uti, njovu kapena chitamba? Mikami ankatsutsa zoti Chijapani chizikakamizidwa kulowa m'chikombole cha galamala ya ku Ulaya. Kwa ife palibe chachilendo: njovu, chitamba chake n'chachitali. Timayamba ndi mutu, kenako n'kunena za mutuwo. M'lesitilanti ya ku Tokyo munthu akhoza kunena kuti boku wa unagi da, zomwe ukazitsata liwu ndi liwu zimamveka ngati akuti iye ndi nsomba yotchedwa unagi. Sakunena zimenezo, akuitanitsa chakudya. N'chimodzimodzi inu mukati "Ine chambo, uyu nkhuku." Palibe woperekera zakudya amene amathawa poganiza kuti mwasanduka.

Kalamulo kamodzi kosavuta: mawu ofunsira, monga dare kutanthauza ndani, akakhala mwininkhani amatenga ga, osati wa. Chomwe sukuchidziwa sichingakhale mutu wodziwika kale.

Za kayalidwe ka mawu sindichedwapo. Chingerezi ndi Chichewa zimaika mneni pakati, pomwe Chijapani chimamuika kumapeto. Neko ga nezumi o tabemashita ndiye kuti mphaka, khoswe, anadya. Timawu ga ndi o tili ngati zizindikiro zofiira ndi zakuda pa mawaya: ga akuloza wodya, o akuloza wodyedwa. Mukasinthanitsa n'kunena kuti nezumi o neko ga tabemashita, wodyedwa akadali khoswe. Yesani zomwezo ndi the cat ate the rat, mupeza khoswe atadya mphaka. M'Chingerezi malo a mawu ndiwo amasenza tanthauzo. Kukana nakonso kumabwera kumapeto m'Chijapani: tabemasu ndi kudya, tabemasen ndi kusadya. Ife "si-" wathu amabwera koyambirira, womvera amadziwiratu. Womasulira Chijapani amayenera kudikira mpaka chiganizo chithe, apo ayi anena zosiyana ndi zomwe mwiniwake akutanthauza.

Pali malo ena omwe inu muli patsogolo pa mnzanu wa ku Osaka. Aneni a Chijapani ali ndi nthawi ziwiri zikuluzikulu, yakale ndi yosakhala yakale, motero kusiyanitsa I ate ndi I have eaten kumamutengera nthawi. Inu muli ndi "ndinadya" ndi "ndadya". Sizifanana ndendende ndi za Chingerezi, koma khutu lanu likudziwa kale kuti "ndadya" akutanthauza kuti mimba ikadali yokhuta. Chongofunika kukumbukira n'choti have eaten sayenda ndi nthawi yomwe inatha, monga yesterday kapena last year.

Funso lomaliza ndi lomwe limandidetsa nkhawa monga munthu wogwira ntchito ndi magetsi. Wina akakufunsani kuti "Simunadye?" ndipo simunadyedi, mumati "Ee, sindinadye." Mjapani amayankhanso choncho: hai, tabemasen deshita. "Ee" wathu ndi hai wawo amavomereza zomwe wofunsayo wanena. Chingerezi sichitero. Yes ndi no zimatsata zomwe zinachitika, osati mmene funso lafunsidwira. Didn't you eat? Ngati simunadye, yankho ndi No, I didn't. Ngati munadya, ndi Yes, I did.

Tsopano tengerani zimenezi mu labu. Mphunzitsi akufuna kugwira waya wa chipangizo chomwe chalumikizidwa ku soketi ya pakhoma, ndipo akufunsa kuti Didn't you switch it off? Wophunzira sanazimitse. Mumtima akuganiza m'Chichewa kuti "ee, sindinazimitse", pakamwa n'kutuluka Yes. Mphunzitsi wamva kuti magetsi azimitsidwa. Soketi zathu kuno zimapereka mavoti 230, kuposa kawiri mavoti 100 a m'nyumba za ku Japan, ndipo ndi okwanira kupha munthu. N'chifukwa chake mu labu yanga yes kapena no payekha sindimulandira. Ndimafuna chiganizo chathunthu, No, it is still on kapena Yes, I switched it off, ndipo ngakhale nditamva choncho ndimapita kukazula pulagi ndekha ndisanagwire waya.