Kuthamangitsa kompyuta kuli ndi malire, ngakhale izizizidwe ndi madzi

Mbatatesi ndi fodya zikagulitsidwa, achinyamata ena a ku Ntengo-Wambalame, ku Biriwiri ndi ku Furancungo amaika ndalama zawo pa kompyuta. Imeneyi ndiyo imakopera nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, kukonza zithunzi za maukwati, kusindikiza makalata a sukulu. Ina imagulidwa ku Tete, ina imabwera ndi abale ochokera ku Joni. Pakati pa eni makinawa pamamveka mawu akuti overclocking, ndipo ena amati kompyuta ikakhala ndi choziziritsa cha madzi, ungaikankhe mmene ungafunire. Maganizo amenewa angakuwonongereni ndalama za chaka chonse cha ulimi. Tiyeni tione chifukwa chake.

M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa purosesa, kamene kamachita masamu onse. Kampani imene inakapanga inakapatsa liwiro lake. Overclocking ndi kulowa mu BIOS, malo amene mumasinthira kagwiridwe ntchito ka makina, n'kukweza liwirolo kuposa mmene fakitale inaikira. Purosesa ikathamangitsidwa imayamba kulakwitsa, kompyuta n'kumazima yokha. Kuti ikhazikike, munthu amaionjezera mphamvu ya magetsi, yomwe timayeza m'mavolti. Ngozi imayambira pamenepa.

Magetsi a EDM amafika m'nyumba ali mavolti 220. Purosesa siwalandira choncho. Bokosi la magetsi la m'kompyuta limawatsitsa kufika pa 12, kenako bolodi lalikulu, limene m'Chipwitikizi timati placa-mãe, limawatsitsanso. Mapurosesa ambiri a masiku ano amagwira ntchito pakati pa volti 1,1 ndi 1,4. Ndi magetsi ochepa kuposa a batire limodzi la tochi, lomwe ndi 1,5. Choncho kusintha kooneka kakang'ono pa sikirini ndi kwakukulu kwa purosesa.

Kutentha sikukwera mofanana ndi mavolti, kumakwera mothamanga kuposa pamenepo. Mukachoka pa 1,2 kupita pa 1,4, mwaonjezera pafupifupi 17 pa 100 alionse, koma kutentha kumaonjezeka ndi pafupifupi 36 pa 100, musanawerengere n'komwe kutentha kobwera ndi liwiro latsopanolo. Mlimi amadziwa zimenezi: feteleza wa pa mlingo amakulitsa chimanga, koma wothiridwa mopyola amachiwotcha.

Nanga madzi aja amathandiza chiyani? Choziziritsa cha madzi chimagwira ntchito ngati rediyeta ya galimoto. Pampu imayendetsa madzi kudutsa pa chitsulo chogunda purosesa, madziwo amatenga kutentha n'kupita nako ku rediyeta, mafani n'kukuuzira kunja. Choziziritsa chachikulu chotere chimachotsa kutentha kwambiri kuposa kafani kobwera ndi kompyuta. Koma mavolti ochuluka amawononga m'njira inanso imene madzi sangaletse. M'kati mwa purosesa muli tinjira ta magetsi tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo magetsi akamadutsa mwamphamvu kwa nthawi yaitali, tinjirato timadyeka pang'onopang'ono. Purosesa yomwe chaka chino ikukhazikika pa 1,3 idzafuna ochulukirapo chaka chamawa, mpaka idzakanika ngakhale pa liwiro lake la ku fakitale. Ng'ombe mungazimwetse madzi mmene mungathere, koma ngolo mukaisenzetsa mopyola, chitsulo cha mawilo chimapindika ndithu.

Izi zinachitikira ngakhale makampani akuluakulu. Mu Epulo 2023 mapurosesa ena a AMD a mtundu wa Ryzen 7000 anapsa pa mabolodi, ndipo kampaniyo inaika malire a volti 1,3 pa mbali ya purosesa yotchedwa SoC. Mu Julayi 2024 kampani ya Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankazimazima chifukwa cholandira mavolti opyola muyezo. Mwezi wotsatira inatulutsa pulogalamu yoletsa purosesa kupempha oposa 1,55, n'kuonjezera zaka ziwiri pa garantia. Mapurosesa amene anali atadyeka kale sanachire ndi pulogalamuyo, anafunika kusinthidwa. Ngati akatswiri opanga makinawo anapunthwa pa nambala zazing'ono chonchi, mwini baraka ayenera kusamala kwambiri.

Kodi malire ake ndi ati? Palibe nambala imodzi ya mapurosesa onse, mtundu uliwonse uli ndi yake. Odziwa ambiri sapyola 1,3 kapena 1,35 pa kompyuta yogwira ntchito tsiku lililonse, ndipo mapurosesa ena safuna kufika ngakhale pamenepo. Nambala ija ya 1,55 musaitenge ngati cholinga. Ndi denga loletsa kudumpha kwa kamphindi, si malo okhalapo tsiku lonse. Pa kutentha, mapurosesa ambiri a Intel amadzichepetsa okha liwiro akafika madigiri 100, a Ryzen 7000 ambiri pa 95. Ndi nzeru kukhala pansi pa 85 makina akamagwira ntchito yolemera.

Amene watsimikiza mtima kuyesa atsate izi. Choyamba, adziwe dzina lenileni la purosesa yake. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsa dzina ndi mavolti, ya HWiNFO imaonetsanso kutentha. Mapurosesa a Intel amene amalola kukwezedwa liwiro amakhala ndi chilembo K kumapeto kwa nambala, pomwe makompyuta akale a m'maofesi, monga a Dell ndi HP, nthawi zambiri ndi otsekedwa. Chachiwiri, akweze pang'onopang'ono, 0,01 pa nthawi imodzi, ndipo nthawi iliyonse ayese makina ndi ntchito yolemera kwa ola lathunthu akuyang'ana kutentha. Chachitatu, adziwe kuti purosesa ikapsa chifukwa cha overclocking, kampani ili ndi ufulu wokana kuisintha.

Kwathu kuno kuli zina zimene tiyenera kuonjezerapo. Ku mapiri a Tsangano mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, ndipo kompyuta yoyesedwa nthawi imeneyo imaoneka ngati yapirira. Ikafika Okutobala, m'baraka ya malata masana, madzi a m'rediyeta amayamba ali ofunda kale. Yesani makina anu m'nyengo yotentha. Fumbi la m'misewu yathu limatsekanso rediyeta, choncho muziipukuta kawirikawiri mutazimitsa magetsi. Mverani pampu: ikasiya kulira kapena ikayamba kukhokhomera, zimitsani msanga, chifukwa madzi akaima purosesa imatentha m'kamphindi kochepa. Ndipo amene akugwiritsa ntchito jenereta kapena sola ya inveta akumbukire kuti kompyuta yokankhidwa imadya magetsi ambiri, batire limatha msanga, ndipo magetsi okwera ndi kutsika amavutitsa bokosi la magetsi. Estabilizador kapena UPS ndi yofunika kuposa liwiro loonjezera.

Pomaliza, werengerani phindu lake. Pokopera nyimbo m'memori khadi, chimene chimachedwetsa ntchito ndi khadiyo ndi disiki, osati purosesa. Kuika disiki ya SSD kapena kuonjezera RAM kumafulumizitsa ntchito zotere popanda kuika makina pangozi. Purosesa ikapsa ku Ntengo-Wambalame, ina simuipeza pa msika wa Biriwiri kapena wa Lizulu. Ndi ulendo wa ku Tete kapena ku Lilongwe, baraka ili yotseka, makasitomala akupita kwa mnzanu. Ngati makina anu akugwira bwino ntchito imene imakudyetsani, asiyeni pa mavolti amene anabwera nawo.