Cithokomiro: mlandu si wa mcere wokha

Anthu ambiri ku Katete, Sinda ndi Vubwi akaona khosi latupa amati ndi kusowa mcere wa ayodini. Koma nthawi zina cithokomiro cimadwala cifukwa asilikali a m'thupi acitembenukira. Akacifooketsa, munthu amatopa msanga, amamva kuzizira ndipo amanenepa. Akacifulumizitsa, amaonda ngakhale akudya bwino, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, maso amatong'oka. Mcere sungacize zimenezi.

Kupima magazi ndiko kumaulula. Dokotala amayamba ndi TSH, kenaka amafufuza asilikali aja. Yambirani ku kiliniki yanu, angakutumizeni ku St Francis kapena Chipata Central. Mankhwala alipo. Amai oyembekezera musacedwe, matendawa akapanda kucizidwa angacititse padera.