Mtengo wobisika wa kuthithikana kwa magalimoto

Minibasi ikaima pamzere kwa theka la ola injini ikulira, palibe amene amalemba lisiti, koma ndalama zimakhala zikupita. Mafuta amapsa pachabe, maulendo a tsikulo amachepa, ndipo mayi wa dengu la tomato amafika pamsika ogula am'mawa atabalalika kale.

Akatswiri a zachuma amati gwero la vutoli n'lakuti woyendetsa galimoto akamalowa mumsewu wodzadza amawerengera mafuta ake ndi nthawi yake basi. Mphindi zimene wachedwetsa onse a kumbuyo kwake sizimukhudza m'thumba. Kukulitsa msewu kumapepuza zinthu kwa kanthawi, koma msewu wotakasuka umakopanso amene kale ankaupewa, mpaka umadzadza ngati poyamba.

N'chifukwa chake mizinda ina idayamba kulipiritsa magalimoto olowa pakati pa tauni nthawi ya piringupiringu. Singapore idatsogola mu 1975. London idatsatira mu 2003 ndi mapaundi 5 patsiku. Nkhani yopatsa chidwi kwambiri ndi ya Stockholm, likulu la Sweden, kumene anthu ambiri poyamba adaukana msonkhowu. Akuluakulu adawonjezera mabasi, kenaka mu 2006 adauyesa kwa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri. Magalimoto olowa mumzinda adachepa ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, mizere idafupika, ndipo pa chisankho cha chaka chomwecho anthu a mumzindawo adauvomereza. Sikuti aliyense adasiya galimoto. Ochepa okha atasintha nthawi kapena kukwera basi, msewu udayamba kuyenda.

Msonkho wotere usasokonezedwe ndi zipata za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke mumsewu wa M1, zimene bungwe la Roads Fund Administration limayendetsa. Zipatazo zimatolera ndalama zokonzera misewu, ndipo mtengo wake susintha kaya ndi m'mawa kaya usiku. Msonkho wa kuthithikana cholinga chake n'kusuntha maulendo, choncho umaluma pa maola amene msewu wapanikizika.

Funso lovuta ndi lakuti kodi wolipira weniweni ndani. Mwini galimoto yapamwamba salimva dzanzi. Koma minibasi ikalipiritsidwa, kondakitala amangowonjezera pa mtengo wa ulendo, ndipo katunduyo amagwera wokwera, yemwe mwa onse ndiye amatenga malo ochepa pamsewu. Ku London mabasi salipira, komanso lamulo lidati ndalama zotsala zibwerere ku ntchito za mayendedwe. Ku Gauteng, m'dziko la South Africa, anthu adaona kuti sadafunsidwe mokwanira za malipiro a m'misewu ikuluikulu. Ambiri adangokana kulipira, mpaka boma lidathetsa dongosololo mu 2024.

M'matauni aang'ono mizere yambiri imayamba ndi malole otsitsa katundu m'mawa ndi maminibasi oima paliponse. Apa khonsolo ili kale ndi zida m'manja: ndalama zoimikira galimoto, malo a depoti, ndi maola otsitsira katundu pamsika.